Cat, Pin, Pot: Timawu Toyambira Kuwerenga ndi Mwana Wolankhula Chichewa

Mphunzitsi wa kalasi yoyamba ku England akamayambitsa ana kuwerenga masiku ano, kawirikawiri sayambira pa A, B, C monga momwe ambirife tinkayimbira. Amasankha malembo ochepa, nthawi zambiri s, a, t, p, i, n, ndipo chimene amaphunzitsa si mayina a malembowo ayi, koma maliwu ake. Pakangopita masabata ochepa, mwana amakhala atayamba kulumikiza maliwuwo n'kutulutsa timawu ngati "sat", "pin", "tap" ndi "sit". Malembo ena akamawonjezeredwa pamabwera "cat", "bed", "pot" ndi "cup". Tonseti ndi timawu ta malembo atatu: konsonanti kutsogolo, vawelo pakati, konsonanti ina kumapeto, ndipo vawelo ya pakatiyo imatchulidwa mwachidule, mosakoka.

Kaphunzitsidwe kameneka kanaoloka nyanja kalekale. Makadi ake, timabuku take ndi nyimbo zake za pa foni zili m'sukulu za mkaka ndi m'sukulu zolipira za m'mizinda yathu, ndipo makolo olankhula Chichewa amene amakhala ku Britain amaona timabukuti m'zikwama za ana awo tsiku ndi tsiku. Choncho n'koyenera kufunsa mwachifatse: n'chifukwa chiyani anasankha timawu timeneti, kodi njirayi imathandizadi, nanga imamuthandiza chimodzimodzi mwana amene anayamwira Chichewa?

Gwero la zonsezi ndi kalembedwe ka Chingerezi. Chilankhulochi chili ndi malembo 26 koma maliwu ake ndi pafupifupi 44, ndipo lembo limodzi limatha kusenza maliwu angapo. Lembo a limamveka mwina mu "cat", mwina mu "cake", mwinanso mu "call" ndi mu "car". Mwana wa zaka zisanu mukamukhuthulira zonsezi nthawi imodzi, amaganiza kuti malembo alibe lamulo, ndipo amayamba kungoloweza maonekedwe a mawu. Timawu ta mavawelo aafupi ndi kagawo ka Chingerezi komwe malembo sanamiza: lembo lililonse lili ndi liwu limodzi, ndipo ukatchula maliwuwo motsatizana kuchokera kumanzere kupita kumanja, mawu amatuluka. Mwana amene wagwira mfundo imeneyi wagwira chinthu chachikulu kuposa timawu makumi angapo. Wazindikira kuti zolembedwa ndi zolankhulidwa zomwe zaikidwa papepala, ndipo kuti iyeyo angathe kuzimasula yekha popanda womuuza.

Ntchito yake m'kalasi ndi yaying'ono poiona koma ili ndi luso lake. Mayina a malembo sathandiza poyamba, chifukwa kunena kuti "si, ei, ti" sikungakufikitse pa "cat" ngakhale utabwereza kangati. Mphunzitsi wodziwa amayamba ndi maliwu okokeka, monga a s, m, n ndi f, chifukwa mwana amatha kuwatalikitsa mpaka kukakhudza vawelo osadula mpweya. Maliwu a t, p ndi b ndi ovutirapo, popeza amaphulika n'kutha nthawi yomweyo, ndipo pakamwa pamafuna kuwonjezera kavawelo pambuyo pake. Kulumikiza kuli ndi mnzake, komwe ndi kuphwanya: mphunzitsi anena mawu athunthu, mwana awagawe m'maliwu atatu n'kuwalemba. Kenako mphunzitsi amasintha lembo limodzi lokha, "pin" ikhale "pan", "pan" ikhale "pat", kuti diso la mwana lizolowere kuyang'ana lembo lililonse, makamaka la pakati, lomwe ana ambiri amalidumpha. Timabuku toyamba timalembedwa ndi maliwu okhawo amene ana aphunzira kale, kuphatikizapo mawu ochepa osatsata lamulo monga "the" ndi "said", omwe chiganizo sichingayende popanda iwo. Zikakhazikika izi m'pamene pamabwera sh, ch ndi th, makonsonanti ogundana monga a mu "stop" ndi "hand", kenako mavawelo aatali, pomwe mwana amaphunzira kuti e wa kumapeto amasandutsa "hop" kukhala "hope".

Munthu angaganize kuti nkhani yomveka chonchi sinakhalepo ndi mkangano. Koma akatswiri a maphunziro m'mayiko olankhula Chingerezi anakangana pa nkhaniyi kwa zaka zoposa 50. Mu 1955 Rudolf Flesch anatulutsa buku lotchedwa Why Johnny Can't Read, lodzudzula sukulu za ku America chifukwa chophunzitsa ana kuloweza mawu athunthu ngati zithunzi. Mu 1967 Jeanne Chall wa ku Harvard, ataunika kafukufuku wa zaka zambiri, anapeza kuti ana amene amaphunzitsidwa malembo ndi maliwu ake molongosoka kuyambira pachiyambi amawerenga bwino kuposa anzawo. Chaka chomwecho Kenneth Goodman anafalitsa maganizo otsutsana nawo, akuti wowerenga waluso sadalira lembo lililonse koma amalosera mawu potengera tanthauzo la chiganizo. Maganizo a Goodman anakopa aphunzitsi ambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka: anali ndi chifundo pa mwana, ankafuna kuti m'kalasi mukhale nthano zokoma m'malo mwa kubwereza maliwu. Vuto linali lakuti ana ankaphunzitsidwa kuyang'ana chithunzi, kapena lembo loyamba lokha, n'kuganizira mawuwo. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti amene amadalira kulosera koteroko ndi owerenga ofooka, osati aluso.

Mu 2000 gulu la akatswiri la National Reading Panel ku America linagamula kuti kuphunzitsa maliwu mwadongosolo kumathandiza, makamaka kukayamba msanga. Ku Scotland, m'dera la Clackmannanshire, Rhona Johnston ndi Joyce Watson anatsatira ana pafupifupi 300 kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo lipoti lawo la mu 2005 linati pomaliza pulayimale anawo ankawerenga mawu ngati ana owaposa msinkhu ndi zaka zoposa zitatu. Lipoti la Jim Rose la mu 2006 linachititsa kuti njirayi ikhazikitsidwe m'sukulu za boma ku England, ndipo kuyambira mu 2012 mwana aliyense wa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi amayesedwa kuwerenga mawu 40. Theka la mawuwo ndi opeka, opanda tanthauzo, n'cholinga chakuti mwana woloweza asadutse mongozembera. Chaka choyambacho ana 58 pa 100 alionse ndi amene anafika pa mulingo wofunika. Pofika mu 2019 anali 82.

Ine ndimaona kuti pa funso lakuti mwana aphunzitsidwe maliwu kapena azilosera, mlandu unatha. Kumusiya mwana kuti aziganizira mawu poyang'ana chithunzi n'kumulakwira, ndipo amene amavutika nazo kwambiri ndi mwana wochokera m'nyumba yopanda mabuku, yemwe alibe wina woti akamukonzere kunyumba zimene zasokonekera kusukulu.

Komabe m'kafukufuku yemwe uja wa ku Clackmannanshire muli nambala ina imene anthu otsatsa mabuku a maliwu sakonda kuitchula. Ana omwe anali patsogolo ndi zaka zitatu pa kutchula mawu anali patsogolo ndi miyezi itatu ndi theka yokha pa kumvetsa nkhani. Philip Gough ndi William Tunmer anali atafotokoza kale chifukwa chake mu 1986: kumvetsa zimene ukuwerenga kumafuna zinthu ziwiri pamodzi, kutha kumasula malembo ndi kudziwa chilankhulocho. Chimodzi chikasowa, chinacho sichingakupulumutse. Ndipo mu 2022 Dominic Wyse ndi Alice Bradbury a ku University College London anadandaula kuti England yapendekera kwambiri ku maliwu moti nthawi yowerenga nkhani zenizeni yachepa. Ena anawatsutsa, koma chenjezo lawolo ndi lofunika kulimva, makamaka kwa ife.

Pamenepa m'pamene nkhaniyi imatikhudza. Timawu timeneti amatitcha tosavuta, koma n'tosavuta kwa yani? Mwana wa ku Manchester akalumikiza maliwu atatu n'kumva "cat" ikutuluka pakamwa pake, nkhope imawala chifukwa wakumana ndi mawu amene wakhala akuwamva kuyambira ali kumsana. Tanthauzo limadziwika lokha, ndipo limamuuza kuti walondola. Akalakwitsa pang'ono, khutu lake limamukonza. Mwana wa ku Ntcheu akachita ntchito yomweyo amatulutsa phokoso lomwe silimukumbutsa chilichonse. Mphaka amamudziwa bwino, koma mawu amene watchulawo samufikitsa kwa mphakayo. Kwa iye mawu onse 40 aja angakhale opeka.

Vuto lachiwiri lili m'khutu. Chichewa chili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, omwe mabuku athu a sukulu amawatcha malembo a liwu, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi kulikonse komwe lili. Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu a mavawelo pafupifupi 20. Khutu lomwe linakulira pa asanu limatenga maliwu achilendowo n'kuwaponya m'magulu asanu omwe likuwadziwa. Choncho "cat" ndi "cut" zimamveka zofanana, "ship" ndi "sheep" chimodzimodzi, ndipo "bad" imasendera kwa ena ku "bed". Mavawelo aafupi amene njira yonseyi yatsamirapo ndi omwewo amene mwana wathu sawasiyanitsa. Umboni uli m'mawu omwe tinabwereka: "cup" imalembedwa ndi u, koma makolo athu anamva a, n'chifukwa chake timamwera m'kapu. "Bus" nayo inasanduka basi. Tsono mwana amene wangophunzira kumene kuti u ndi wa mu "ufa" amauzidwa m'phunziro lotsatira kuti lembo lomwelo likumveka pafupi ndi a.

Lachitatu ndi kamangidwe ka mawu. Phatikizo la Chichewa limathera pa vawelo, ndipo mawu a Chichewa sathera pa konsonanti. N'chifukwa chake "bed" inakhala bedi, "pot" inakhala poto, "pin" inakhala pini. Lilime la mwana likamawonjezera kavawelo kumapeto silikulakwa mwaumbuli, likutsata lamulo la chilankhulo chake, ndipo likulitsata molondola. Koma zikutanthauza kuti mawu otsekeka kumapeto, omwe kwa mwana wa ku England ndi poyambira, kwa wathuyu ndi chinthu chatsopano chofunika kuchiphunzira pachokha. Onjezani pamenepo kuti l ndi r sizisiyanitsa mawu m'Chichewa, pomwe "lip" ndi "rip" ndi mawu awiri osiyana, komanso kuti ph wa mu "phala" ndi th wa mu "thumba" adzakumana ndi ph wa mu "phone" ndi th wa mu "thin". Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akusenzetsedwa katundu yense ameneyu pa nthawi imene sanadziwe n'komwe kuti kuwerenga n'kutani.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti mwana ameneyu ali ndi mwayi umene mnzake wa ku England alibe, koma ambirife sitiuona. Mu 2003 Philip Seymour ndi anzake anayerekeza ana a m'mayiko a ku Ulaya ophunzira kuwerenga m'zilankhulo 13. Pakutha pa chaka choyamba cha sukulu, ana a ku Finland, Greece, Italy, Spain ndi Germany ankawerenga molondola mawu oposa 90 pa 100 alionse amene anapatsidwa. Ana ophunzira m'Chingerezi ku Scotland anangokwanitsa pafupifupi 34, ndipo ankafunika nthawi yoposa kuwirikiza kawiri kuti afike pomwe anzawowo anali. Kusiyanaku sikunachokere ku nzeru za ana. Zilankhulo zinazo zimalembedwa monga momwe zimatchulidwira, ndipo Chichewa chili m'gulu lomwelo. Chimene Angerezi amachifunafuna m'timawu tawo tochepa ta malembo atatu, ife tili nacho pafupifupi m'chilankhulo chonse. Mwana akadziwa a, n ndi i amawerenga kale "ana", "ina" ndi "nani". Akawonjezera k, u ndi m wafika pa "amama" ndi "kumana", ndipo mawu aliwonse amene watulutsa ndi mawu ake.

Sindikunena kuti Chichewa chilibe zokhota. Maphatikizo ngati a mu "nkhwangwa", "mphwayi" ndi "ng'ombe" amafuna kuphunzitsidwa pang'onopang'ono. Mawu athu amatalika, moti mneni mmodzi amatha kusenza chiganizo chonse. Kukwera ndi kutsika kwa liwu sitikulemba, choncho mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimaoneka chimodzimodzi papepala. Koma izi ndi zopinga zazing'ono poyerekeza ndi kalembedwe ka Chingerezi.

Makolo ambiri amaopa kuti kuyamba ndi Chichewa kuchedwetsa Chingerezi cha mwana, ndipo mantha awo si opanda pake, chifukwa mayeso, ntchito ndi maphunziro apamwamba zonse zimadutsira m'Chingerezi. Koma funsoli linayesedwapo pakati pathu pomwe. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams wa ku yunivesite ya Reading anayerekeza ana a pulayimale a ku Malawi ndi a ku Zambia. Pa nthawiyo ana a ku Malawi ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, pomwe a ku Zambia ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba, monga momwe dzikolo linakhazikitsira mu 1966. Zotsatira zake zinali zakuti pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni, koma pa kuwerenga chilankhulo cha kwawo ana a ku Malawi anaposa kutali anzawo owerenga Chinyanja. Zaka zinayi zowonjezera za Chingerezi sizinawagulire ana a ku Zambia Chingerezi chabwinopo, zinangowalanda kuwerenga m'chilankhulo chawo. Zambia inamva phunziroli, ndipo chakumapeto kwa zaka zomwezo inayamba kuphunzitsa kuwerenga koyamba m'zilankhulo za m'dzikomo.

Ku Malawi mfundo za boma pa nkhaniyi zakhala zikupita uku ndi uku. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti makalasi anayi oyamba aziphunzitsidwa m'chilankhulo cha ana. Lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 kunalengezedwa kuti zimenezi ziyambira Sitandade 1. Kenako mu 2016 kunabwera ndondomeko ya dziko lonse ya kuwerenga, National Reading Programme, yomwe imaphunzitsa maliwu, malembo ndi maphatikizo a Chichewa mwadongosolo. Aphunzitsi a makalasi aang'ono amaudziwa mndandanda wa "anikumeto", womwe umatsogoza malembo opezeka kawirikawiri m'Chichewa, monga momwe s, a, t, p, i, n amachitira m'Chingerezi. Maganizo ake ndi olondola. Chimene chimawafooketsa ndi kuchuluka kwa ana: chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pomwe chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, kalasi ya ana oposa 100 si chinthu chachilendo. Kulumikiza maliwu kumafuna kuti mphunzitsi amve pakamwa pa mwana mmodzimmodzi. M'kalasi yotere ana amayankhira pamodzi, ndipo amene sakutha amabisala m'mawu a anzake chaka chonse. Mwina ndi pamenepa pomwe kholo, mchemwali kapena achimwene amene amatha kuwerenga angathandize kwambiri, pongokhala pansi ndi mwana kwa kanthawi kochepa madzulo n'kumumvetsera yekha.

Tsono timawu ta mavawelo aafupi tili ndi malo ake kwa mwana wolankhula Chichewa, koma malowo si pakhomo loyamba. Mfundo yakuti malembo amaimira maliwu munthu amaiphunzira kamodzi kokha pa moyo wake, ndipo ndi bwino aiphunzire m'chilankhulo chomwe malembo ake sanamiza komanso mawu ake amawamva. Pa nthawi yomweyo Chingerezi chizilowera kukhutu ndi pakamwa: nyimbo, malonje, kutchula zinthu za m'kalasi, nthano zazifupi. Mwana akayamba kuwerenga Chichewa mosadodoma, makonsonanti ambiri amawoloka nawo osavutika, chifukwa m, n, s, t, b ndi d sasintha kwambiri. Ntchito yeniyeni imatsala pa mavawelo ndi pa mathero a mawu, ndipo mphunzitsi aziwauza ana poyera kuti m'Chingerezi malembo asanu aja amasintha maliwu. Asanalembe kanthu pa bolodi, ayambe wasewera nawo masewera a khutu: anene "cat" ndi "cut", "pin" ndi "pen", ana aloze chithunzi choyenera. Ayambire pa mawu amene ana ali nawo kale m'Chichewa chawo, bedi, poto, pini, kapu, basi, jamu, n'kuwaonetsa momwe Chingerezi chimawadulira kumapeto. Ndipo mawu alionse atsopano azibwera ndi chinthu chake m'manja kapena chithunzi chake, kuti mwana asatchule chimene sakuchidziwa.

Sitifunikanso kumuzunza mwana kuti azimveka ngati wobadwira ku London. Chingerezi cha ku Scotland, cha ku Nigeria ndi cha ku India chili ndi mavawelo akeake, ndipo eni ake amawerenga bwinobwino. Chofunika n'chakuti mwana adziwe kuti "cat" ndi "cut" ndi mawu awiri, awalembe mosiyana, ndipo amve kusiyana kwa matanthauzo ake.

Ana a m'mabanja athu amene akukulira ku Britain kapena ku Johannesburg, omwe Chingerezi amachimva tsiku lonse, nkhani yawo ndi ina. Timabuku ta maliwu timene amabwera nato kunyumba n'towayenera, ndipo makolo awathandize potchula maliwu m'malo mwa mayina a malembo, osawonjezera kavawelo pambuyo pa konsonanti. Chichewa cha panyumba asachisiye poopa kuti chisokoneza mwana. Nthano ndi macheza a m'chilankhulo chilichonse zimakulitsa kumvetsa kumene maliwu paokha sangapereke.

Kwa inu makolo amene mukulipira sukulu ya mkaka kapena yolipira kuno kwathu, musakhutire pongomva mwana akuyimba timawu ta Chingerezi motsatizana. Mulembereni mawu amene sanawaonepo, a Chichewa ndi a Chingerezi omwe, muone ngati angawamasule yekha lembo ndi lembo, kenako mumufunse tanthauzo lake. Akakanika, pitani mukacheze ndi aphunzitsi ake mwaulemu, ndipo mukawafunse kuti mwanayo akuphunzira liti kuwerenga m'chilankhulo chimene amalankhula.